Mukamadutsa ku Tete, konzekerani dzuwa

Amene mukupita ku Harare kapena ku Joni podzera pa Mwanza ndi Zobue, musaiderere Tete. Mzindawu uli m'chigwa cha Zambezi, pansi penipeni, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa sangadabwe, koma wa ku Dedza kapena Mzuzu akhoza kukomoka ali chiimire.

Madzi gulani okwanira musanadutse bodala, malita osachepera atatu pamunthu, ndipo muzimwa pang'onopang'ono osadikira ludzu. Ambiri amadzimana poopa kuvutitsa dalaivala, koma m'menemo ndi momwe mutu umayambira. Mkodzo ukafiira ngati tiyi, thupi layamba kuuma. Ikani Thanzi ORS m'chikwama. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mwana musamukute m'bulangete, ndipo aziyamwa pafupipafupi. Mowa masana usiyeni kaye.

Wina akayamba kubwebweta, khungu likuotcha, mugonekeni pamthunzi, mum'thire madzi, mum'kupize, kenako thamangirani naye kuchipatala.

Mvula kumeneko ndi yochepa, imagwa makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, koma ikati ibwere imabwera ndi ukali. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Nthawi ya dzinja yambani mwafunsa madalaivala a mathiraki za msewu musanagule tikiti.

Ngati tsiku mukusankha nokha, yendani mu Juni kapena Julaye.