Momwe mungathandizire mnzanu amene galu wake wa greyhound akugwa khunyu

Kwathu galu akagwa pansi n'kuyamba kutuluka thovu kukamwa, palibe amafunsa kawiri. Ana amawathamangitsira m'nyumba, abambo amatola zibonga, ndipo mawu amakhala amodzi: chiwewe. Maganizo amenewa ndi amene ndinafika nawo kuno ku England, ndipo ndi omwewo anandiimika pakhomo ngati chitsa usiku wina cha m'ma 2 koloko, mayi wamasiye woyandikana nane nyumba atandigogodera ali chapansi, akuti galu wawo akufa.

Galuyo sankafa, anali atagwa khunyu. Ndinamupeza atagona cham'mbali kuseri kwa sofa, khosi litauma gwa, miyendo yaitali ija ikupalasa, mano akugundana, mkodzo uli mbwee pa kapeti. Pasanathe mphindi 2 zonse zinali zii. Chimene ndinachita ine usiku umenewo ndi kuyang'ana basi, manja ali m'chiuno. Zimene ndikulembazi ndaziphunzira pambuyo pake, powaperekeza mayiwo kwa dokotala wa ziweto ndi pochezera nawo usiku.

Ambiri a ife kuno timagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye agalu ngati wa mayiwa, a mtundu wa greyhound, aatali miyendo othamangitsidwa pa mipikisano, mudzakumana nawo ndithu. Mipikisano yawo kuno inayamba mu 1926 pa bwalo la Belle Vue ku Manchester, lomwe linatsekedwa mu 2020. Galu akasiya kuthamanga, nthawi zambiri asanapitirire zaka 5, mabungwe ngati Greyhound Trust amamupezera banja. Okalamba amawakonda chifukwa ngakhale amatha kuthamanga makilomita pafupifupi 70 pa ola, m'nyumba ndi alesi otheratu, ntchito yawo kugona pa sofa tsiku lonse. Kwa munthu wokhala yekha, galu wotere ndiye wocheza naye m'mawa, masana ndi usiku.

Choyamba, yang'anani nthawi

Mwini galu sangathe zimenezi. Mtima wake uli m'mwamba, ndipo mphindi imodzi imaoneka ngati ola. Inu ndiye tulutsani foni, onani nthawi imene zayamba, ndipo ngati mungathe yambani kujambula vidiyo. Zimaoneka ngati nkhanza kujambula mnzako akulira, koma pofika ku chipatala galuyo amakhala akugwedeza mchira ngati palibe chachitika, ndipo dokotala amadalira vidiyoyo kuti asiyanitse khunyu ndi kukomoka kwa vuto la mtima.

Khunyu nthawi zambiri imatha yokha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikapitirira mphindi 5, kapena galu akagwanso asanatsitsimuke bwinobwino, musadikire kuche. Thupi limatentha kwambiri ndipo ubongo ukhoza kuwonongeka. Akagwa kawiri kapena kuposa pa maola 24, imbaninso foni tsiku lomwelo. Ndipo ngati ndi koyamba kugwa, ngakhale zithe msanga, dokotala adziwe.

Manja anu atalikirane ndi kamwa lake

Tinakula tikumva zoti wogwa khunyu amuike supuni m'kamwa kuti asameze lilime. Si zoona kwa munthu, si zoonanso kwa galu. Lilime sameza. Chimene chingachitike n'chakuti akulumani chala osadziwa n'komwe. Musamupanikize pansi, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu. Ndi zija ankatiopseza nazo tili ana, zoti khunyu imapatsirana wodwala akatulutsa mpweya woipa, ziiwaleni. Siipatsirana.

Ntchito yanu ndi kuchotsa zomuvulaza. Apa greyhound amasiyana ndi agalu ena. Khungu lake ndi lopyapyala, mafuta m'thupi ndi ochepa kwambiri, moti kungokhula pa ngodya ya tebulo khungu limang'ambika mpaka kufunika kusoka. Kankhani tebulo ndi mipando, ikani pilo pakati pa iye ndi khoma kapena chotenthetsera m'nyumba. Ngati ali pafupi ndi masitepe, tsekani njirayo. Zimitsani TV, chepetsani kuwala, lankhulani motsitsa.

Ngati m'nyumbamo muli galu wina, mutulutseni msanga n'kutseka chitseko. Agalu okondana, ogona pamodzi, amatha kutembenukira mnzawo amene akuphupha pansi n'kumuluma.

Mwini galu mupatseni chochita, apo ayi amugwira kumutu. Ine ndimangoti, "Mayi, khalani apa kumsana kwake, muzimuitana dzina pang'onopang'ono. Nthawi ndikuwerenga ine." Akamva kuti wina akuwerenga nthawi, nawonso mpweya umabwerera.

Akatsitsimuka

Gawo ili ndi limene limaopsa anthu ambiri kuposa kugwa kwenikweniko, chifukwa palibe amawachenjeza. Galu amadzuka ali wosokonezeka. Amadzandira, amazungulirazungulira, amagunda zitseko, nthawi zina saona kwa kanthawi, ndipo akhoza osamuzindikira mbuye wake. Wa mayi aja anawayang'ana ngati mlendo n'kuwauwa, ndipo chimenechi ndi chimene chinawaliza kwambiri usiku wonsewo. Auzeni kuti zimatha, mwina pa mphindi zochepa, mwina pa maola angapo. Asamukumbatire msanga, amusiye abwere yekha.

Tsegulani zenera. Ngati akupuma mwawefuwefu ndipo thupi latentha, nyowetsani mapazi ndi mimba yake ndi madzi ozizirira, osati a ayezi. Akayamba kuyenda mowongoka mupatseni madzi pang'ono, kenako chakudya pang'ono, poti amadzuka ndi njala yoopsa. Kapeti uja pukutani inu, mwakachetechete.

Zikafika popita ku chipatala ali chigonere, kumbukirani kuti galu ameneyu amalemera makilogalamu pafupifupi 30 kapena kuposa, miyendo ngati ya gwape. Munthu mmodzi sangamunyamule. Mugonekeni pa bulangete, awiri mugwire uku ndi uku ngati machira. Imbani foni musananyamuke, chifukwa zipatala zambiri za ziweto kuno usiku zimatumiza odwala ku chipatala china, mwina cha kutali. Nambala ya usiku ndi adiresi yake zifufuzeni lero kukadali kowala, muzimate pa firiji. Ngati nonse mulibe galimoto, funsiranitu kampani ya taxi imene imalola agalu.

Pitani nawo kwa dokotala

Munthu wamantha amamva theka la zimene akuuzidwa. Inu khalani ndi cholembera.

Dokotala adzafuna kudziwa zaka za galu. Khunyu yongobwera yokha popanda chifukwa chooneka imakonda kuyamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6. Ikayamba atakula kuposa pamenepo, amaganizira zina, monga chotupa mu ubongo kapena sitiroko, ndipo mwina adzanena zojambula mutu ndi makina a MRI. Adzafunsanso ngati wadya china chake. Yang'ananitu m'nyumba musanapite: chokoleti, chingamu chokhala ndi xylitol (chotsekemeretsa cholowa m'malo mwa shuga), mankhwala akale ophera nkhono m'dimba, kapena mapiritsi a mwini wake amene anagwa pansi. Ku nyumba ya munthu wokalamba, chomalizachi musachipeputse.

Pali funso limodzi loti mufunse mwaulemu: kodi dokotalayo anazolowera agalu a greyhound? Magazi awo ndi osiyana ndi a agalu ena. Maselo ofiira amakhala ochuluka, tizigawo tothandiza magazi kuundana timakhala tochepa, mlingo wa mahomoni a thyroid (kachiwalo ka pakhosi) umakhala wotsika, zonsezi galu ali bwinobwino. Wosadziwa akhoza kuona matenda pamene palibe. Mankhwala ena ogonetsa amachedwanso kuchoka m'thupi mwawo, zimene n'zofunika kukambirana ngati akukamugoneka kuti amujambule.

Si galu aliyense wogwa kamodzi amene amayamba mankhwala. Akayamba, kawirikawiri amakhala phenobarbital kapena imepitoin, imene pa botolo imalembedwa Pexion. Zikakanika amawonjezera potassium bromide kapena levetiracetam.

Za mankhwala, pamene thandizo lanu limaoneka kwenikweni

Usiku wa chipwirikiti umabwera mwa apo ndi apo, koma mapiritsi ndi a tsiku lililonse, nthawi zambiri kawiri, motalikirana maola 12, mwina moyo wake wonse. Apa ndi pamene mwini galu amamangika. Sangachedwe kutchalitchi, sangagone kwa mwana wake, ngakhale kugonekedwa m'chipatala iye mwini amachita mantha. Mayi aja anafuna kusintha tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso chifukwa cha piritsi la 8 koloko. Mukaphunzira kumupatsa galuyo mankhwala, n'kusunga kiyi wina wa nyumbayo, mwamasula munthu. Wa mayiwa savuta, piritsi likabisika m'kachidutswa ka tchizi amameza osafunsa.

Dziwani izi, ndipo muziwakumbutsa. Phenobarbital saimitsa mwadzidzidzi, ngakhale galu atatha chaka osagwa, chifukwa kutero kumadzutsa khunyu yoopsa kuposa yoyamba. Masabata oyambirira galu amagona kwambiri, miyendo yakumbuyo imagwedera, amamwa madzi ngati ng'ombe, amakodza pafupipafupi ndiponso amaba chakudya. Kugona ndi kugwederako kumachepa thupi likazolowera, koma ndi nthawi imeneyi pamene eni ake ambiri amafuna kusiya, akuti mankhwala akumupha. Auzeni aimbire dokotala m'malo mosiya okha. Pakatha masabata angapo amamuyeza magazi kuti aone mlingo wa mankhwalawo, kenako miyezi 6 iliyonse amaona ngati chiwindi chili bwino. Amene akumwa bromide asamusinthire chakudya mwachisawawa, chifukwa mchere ukachuluka kapena kuchepa, mphamvu ya mankhwalawo imasintha. Ndiye nyama yotsala pa mbale yanu ya nsima, yothira mchere wa kwathu uja, musamuponyere.

Dokotala akhoza kuperekanso mankhwala a pangozi osunga kunyumba, diazepam wolowetsa kumbuyo kapena midazolam wothira m'mphuno. Pemphani akuonetseni nonse awiri kagwiritsidwe kake, ndipo mugwirizane malo amodzi osungira. Kufufuza m'madirowa pa 2 koloko usiku galu akuphupha si zinthu.

Gulani kope. Tsiku, nthawi, kutalika kwake, zimene ankachita asanagwe, nthawi imene anatenga kuti abwerere mwakale. Agalu ambiri amagwa akupuma kapena ali m'tulo, ndipo ena amayamba ndi kusakhazikika kapena kukakamira mbuye wawo. Okonda foni pali pulogalamu yaulere ya Royal Veterinary College yotchedwa RVC Pet Epilepsy Tracker. Kopelo limathandizanso mtima, chifukwa mankhwala sachiza khunyu, amangochepetsa. Munthu akaona yekha pa pepala kuti kale ankagwa sabata iliyonse koma pano patha miyezi iwiri, amasiya kunena kuti palibe chikusintha. Musasokonezenso khunyu ndi maloto. Greyhound akamalota amapalasa miyendo n'kumalira, koma mukamuitana dzina muli chapatali amadzuka. Osamugwedeza, ena amadzidzimuka n'kuluma.

Ndalama nazo zimapita. Ngati inshuwalansi inalipo kale asanayambe kudwala, athandizeni kulemba mafomu, ndipo asathamangire kusintha kampani, poti yatsopano sidzalipira matenda amene yawapeza alipo kale. Angathe kupempha dokotala kalata ya mankhwala n'kukagula pa intaneti ku sitolo yovomerezeka, nthawi zambiri zimatsikirako. Olandira thandizo la boma afunse ku mabungwe othandiza ziweto a PDSA kapena Blue Cross ngati ali oyenera kuthandizidwa.

Kwa amene mukuwerenga muli kumudzi kapena ku Joni

Zonsezi ndanena poganizira Britain, kumene agalu alibe chiwewe. Kwathu nkhani ndi ina. Galu wosabaya katemera akayamba kuphupha, kutuluka dovu kapena kusintha khalidwe, musamukhudze. Mutsekereni, itanani alangizi a ziweto, kapena mabungwe osamalira ziweto a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kupita ku chipatala tsiku lomwelo. Ganiziraninso za tameki. Ku South Africa, kumene agalu a mtundu umenewu amasakira nawo nyama, akuba amaponyera agalu nyama yothira chiphe chimenechi, ndipo galu wotero amafunika dokotala nthawi yomweyo.

Pakamwa panu

"Ndi galu chabe, mupeza wina." Mawu amenewa ali pafupi kwambiri ndi lilime lathu, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuwanena. Amezeni. Musanenenso kuti "bwanji osangomubaya jakisoni agone," pokhapokha mwini wake atayamba yekha nkhaniyo. Agalu ambiri a khunyu amakhala zaka ndi zaka akudya, akusewera, akuba malo pa sofa. Ena mankhwala amawakanika ndithu, ndipo tsiku lokambirana zovutazo limafika. Likafika, chiganizo ndi cha mwini galu ndi dokotala wake. Inu muwayendetse pa galimoto, mukhale nawo m'chipinda chodikirira.

Musati "mukafuna thandizo mundiuze," chifukwa sadzakuuzani. Nenani chinthu chenicheni: "Mayi, Lachinayi ndili pa ofu, pitani mukaone adzukulu, piritsi la madzulo ndimupatsa ine." Mayi aja anakana kawiri, kachitatu anavomera. Anandisiyira pepala lodzaza mbali zonse ziwiri, n'kuimba foni kanayi asanafike n'komwe ku Leeds. Galuyo anagona tsiku lonse miyendo ili m'mwamba, anangodzuka atamva ndikutsegula firiji.