Kusoka choyanikapo mbale

Thaulo lakale musalitaye, ine ndimasokera choyanikapo mbale. Pezaninso nsalu ya thonje; nayiloni ayi, samwa madzi. Muyambe mwachapa zonse ziwiri, chifukwa thonje limachepa likanyowa koyamba, ndiye mukasoka musanachape chimakwinyika.

Dulani mofanana, masentimita 45 mulitali, 35 mulifupi. Sanjikizani, mbali zokongola zitayang'anizana, n'kubaya mapini. Sokani kuzungulira, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, koma musiye kampata kolowa dzanja. Chepetsani makona ndi sizasi kuti asatupe, osafika pa ulusi. Tembenuzirani pakampata paja, sitani, kenako sokaninso pamwamba kuzungulira, kampatako katsekeke.

Ine ndimadutsitsanso mizere iwiri pakati kuti nsaluzo zisalekane pochapa. Kumbali ndimasokererako kachingwe kokolowekera, chifukwa chikagona chonyowa chimanunkha nkhungu.