Kulemba nyimbo za makolo potsata mapazi a Kwabena Nketia

Pulofesa Joseph Hanson Kwabena Nketia anabadwira ku Mampong m'dziko la Ghana mu 1921 ndipo anamwalira ku Accra mu 2019 ali ndi zaka 97. Asanatchuke ngati katswiri wa nyimbo za mu Africa, anakaphunzira za ziyankhulo ku London m'zaka za m'ma 1940, kenako mu 1952 anayamba ntchito pa sukulu imene lero ndi Yunivesite ya Ghana ya ku Legon, ndipo anadzaphunzitsanso ku Los Angeles ndi ku Pittsburgh. M'buku lake la 1955, Funeral Dirges of the Akan People, analemba nyimbo za maliro m'chiyankhulo cha eni ake cha Twi, n'kufotokoza kaumbidwe ka mawu ake ndi mwambo umene zimaimbidwira. Iye sankalekanitsa nyimbo ndi chiyankhulo, ndipo aliyense wofuna kusunga nyimbo za kwawo ayenera kuyambira pomwepo.

Musanatulutse foni m'thumba, pemphani chilolezo kwa woimbayo, ndipo ngati muli mlendo pamudzipo, yambani mwaonekera kwa amfumu. Nyimbo za maliro musazijambule pa siwa anthu ali m'misozi. Dikirani maliro adutse, mubwerenso tsiku lina, mudzakhale nawo pamkeka agogo amene amatsogolera nyimbozo. Nyimbo zina, monga za kudambwe ndi za kutsimba, zili ndi eni ake, choncho akakukanizani musaumirire.

Pojambula, sankhani malo otalikirako ndi mtondo, chigayo ndi wailesi, ndipo foni muiike pa chitenje chopinda pafupi ndi woimba kuti isatole phokoso la manja anu. Poyambirira tchulani tsiku, mudzi ndi mtundu wa nyimbo. Ngati nyimboyo ili ndi wotsogolera ndi ovomera, itanani anthu awiri kapena atatu adzavomere, chifukwa mukajambula wotsogolera yekha ndiye kuti mwatenga theka la nyimbo.

Ntchito yeniyeni imayamba kuimba kukatha. Apempheni agogowo kuti anene mawu a nyimboyo pang'onopang'ono osaimba, monga mmene amayankhulira ndi mdzukulu wawo, ndipo mujambulenso. Chifukwa chake n'chakuti Chitwi ndi Chichewa zonse ndi ziyankhulo zimene kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo. Kwa Aakani, mtundu wa anthu a ku Ghana umene ambiri mwa iwo amayankhula Chitwi, ng'oma ziwiri zotchedwa atumpan, ina ya liwu lalikulu ina ya liwu laling'ono, zimatha kunena ndakatulo potsanzira kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo Nketia analemba za ng'oma zotere m'buku lake la 1963 la kaimbidwe ka ng'oma pakati pa Aakani. Kwathu kuno, mawu akuti mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa. Poimba, liwu limatha kukokedwa mpaka kusiyanako n'kuzimirira, motero mawu oyankhulidwa aja ndiwo adzakuuzeni chimene nyimbo ikunena. Polemba, ikani kachizindikiro pamwamba pa phatikizo lililonse limene liwu lakwera.

Lembani mawu monga momwe atulukira m'kamwa mwa woimba. Agogo akatchula liwu la Chiyawo, la Chilomwe kapena lachikale limene simunalimvepo, musalisinthe kuti lifanane ndi Chichewa cha m'kalasi. Lisiyeni momwemo, muwafunse tanthauzo, ndipo yankho lawo mulilembe padera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ophunzira ambiri amawonongera nyimbo, pokonza zimene sizinalakwike. Funsaninso kuti nyimboyo anaiphunzira kwa yani, imaimbidwa nthawi yanji, ndiponso ndani saloledwa kuiimba.

Zojambula za Nketia zasungidwa mpaka lero m'nyumba yosungiramo zakale yotchedwa ndi dzina lake ku Institute of African Studies ku Legon, kumene anakhala mkulu kuyambira 1965. Inunso musadalire foni imodzi: koperani zojambulazo pa kompyuta ndi pa memore khadi, dzina la fayilo likhale ndi tsiku ndi mudzi, ndipo kope la mawu mulisunge pouma, potalikira chiswe. Mukamaliza kulemba, bwererani kwa agogo aja, muwawerengere mzere ndi mzere kuti akonze pamene munamva molakwa, ndipo muwasiyire ana awo memore khadi yawoyawo.