Mmene mungasankhire kupitiriza kapena kusiya kafukufuku wa matenda oiwalaiwala

Kusaina kapena kudinda chala pa chikalata chovomera kulowa m'kafukufuku wa matenda oiwalaiwala, omwe madokotala amawatcha dementia, si ngongole yoti mpaka muimalize. Mfundo za Helsinki, zomwe zimatsogolera kafukufuku wa zaumoyo wochitidwa pa anthu ndipo zinakhazikitsidwa mu 1964, zimapatsa aliyense ufulu wosiya nthawi ina iliyonse popanda chilango, ndipo chithandizo cha masiku onse cha kuchipatala chimapitirira monga kale.

Chovuta n'chakuti matendawa amankira patsogolo, moti agogo amene anavomera mwansangala chaka chatha akhoza kukhala kuti lero sakukumbukiranso zimene anavomerazo. Choncho yambani ndi kuona wodwala mwiniyo. Ngati m'mawa wa tsiku lopita kukayezedwa akukana kuvala juzi, akugwira chitseko n'kumati, "Mwanangu, ukundipititsanso kuti?", ndipo zimenezi zikubwerezabwereza, kumeneko ndi kukana ngakhale sanatchule mawu oti ndasiya. Tsiku limodzi lokha lisakupusitseni, pakuti kuzizira kwa ku Dedza mu Juni kumagwetsa ulesi ngakhale munthu wabwinobwino, ndipo odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likapendeka. Afunseninso m'mawa wina mtima uli m'malo.

Wowasamalira nayenso adziganizire. Kuchoka ku Bembeke kapena ku Linthipe kupita pa boma kumadya tsiku lathunthu, mbatatesi ikudikira kumunda, ndipo ndalama yobwezera thiransipoti isakhale chifukwa chokakamizira nkhalamba yotopa.

Musanagamule, kambiranani ndi ofufuzawo. Afunseni ngati n'zotheka kusiya mbali ina yokha, monga kutengedwa magazi, n'kupitiriza kuyankha mafunso, kapena ngati angathe kumabwera kunyumba. Funsaninso za magazi ndi mayankho amene anatengedwa kale, chifukwa zimene zinachotsedwa dzina n'kuphatikizidwa ndi za anthu ena nthawi zambiri sizithekanso kuzichotsa. Ngati kafukufukuyo ndi wa mankhwala, musangowasiyitsa kunyumba. Dokotala ayambe wawaona kuti anene njira yabwino yosiyira.

Mukasankha kusiya, simukakamizidwa kupereka chifukwa, koma ndi bwino kuwadziwitsa ofufuzawo kusiyana ndi kungozimiririka. Wina akakuumirizani, onani pa chikalata chanu chija, pamene pamalembedwa nambala ya komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo, kaya ndi COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo mukadandaule kumeneko.