Momwe nkhani za ana a kwathu zingafikire ku Geneva

Dziko la Malawi lidavomereza Pangano la Ufulu wa Ana la United Nations mu 1991, ndipo panganoli limati boma lizipereka lipoti zaka zisanu zilizonse ku komiti ya akatswiri 18 yomwe imakumana ku Geneva. Lipoti la boma limalembedwa ku Lilongwe. Komitiyo imalandiranso malipoti a mabungwe omwe si aboma ndi a Malawi Human Rights Commission, ndipo ife a ma mother group (magulu a amayi othandiza atsikana pasukulu) kuno ku Dedza tingathe kulowera pamenepo.

Yambani ndi kope lachikuto cholimba, la ntchito imeneyi yokha. Nkhani ikabwera, lembani tsiku, dera la gulupu, msinkhu wa mwana, kalasi yake, chomwe chachitika ndi kumene mwakatula nkhaniyo. Dzina la mwana musalembe, ikani nambala basi, chifukwa kope limatha kugwera m'manja mwa aliyense. Musanamufunse, pemphani chilolezo kwa iye mwini ndi kwa womulera.

Ndakhala ndikuwerenga makope a magulu anzathu, ndipo chomwe chimandipweteka n'chakuti ambiri amangolemba kuti "atsikana akusiya sukulu". Mawu otere sangapanikize nduna kuyankha. Pitani kwa aphunzitsi aakulu, muwerengere limodzi m'kaundula kuti mu Sitandade 7 adayamba atsikana angati ndipo pofika teremu yachitatu atsala angati. Onani ngati ana amajomba kwambiri nyengo yokumba kachewere. Ngati mtsikana adamuwolotsa malire kukamukwatitsa ku Mozambique, lembani momwemo. Koposa zonse lembani zomwe zidatsatira: kupolisi adatani, a ofesi yosamalira anthu adabwera kapena ayi, mwanayo adabwerera m'kalasi kapena akadali kubanja. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo Inkosi Kachindamoto adathetsa maukwati ambiri a ana m'dera lawo. Komitiyo imafuna kudziwa ngati lamulolo likumveka mpaka ku Mtakataka ndi ku Lobi.

Kenako funani bungwe loona za ana lomwe limagwira ntchito m'boma lathu, mulifunse tsiku lomaliza kulandira maumboni. Lipoti limapita m'Chingerezi, choncho akamasulira zanu, akuwerengereni kuti mutsimikize kuti sadasinthe kanthu.

Komiti ikamva mbali zonse imatulutsa malangizo ku boma. Ndime 42 ndi 44 za panganoli zimalamula boma kudziwitsa akulu ndi ana za ufuluwu komanso kufalitsa lipoti lake.  Ife tidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ndiye sindiona chifukwa choti malangizo okhudza ana athu azingothera m'maofesi.

Pemphani malangizowo ku bungwe lomwe mudatumizako zija. Sankhani awiri kapena atatu okhudza dera lanu, awamasulire m'Chichewa, muwawerenge pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) pamaso pa mafumu ndi khansala. Yankho la aliyense mulilembe m'kope lomwe lija, pamodzi ndi mwezi womwe walonjeza kuchitapo kanthu.