Thirakitala yakale ya petulo ikamazima pakati pa munda, yambani mwaona kagalasi ka pansi pa thanki

Mathirakitala ambiri masiku ano ndi a dizilo, koma amalume anga cha ku Ulóngue ku Mozambique akadali ndi ka Ferguson kotuwa ka petulo, kaja kankapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956. Chaka chatha nthawi yolima mbatata kanayamba matenda oti kalira bwinobwino mphindi khumi kenako nkutsokomola nkuzima, mukadikira pang'ono kalira, mwayenda mizere iwiri kazimanso. Tinasintha mapulagi, tinakayikira koyilo, ndalama zinapita ndithu, kumapezeka kuti vuto ndi dzimbiri lodzadza musefa basi.

Chofunika kudziwa kaye nchoti mathirakitala awa, kaya Ferguson kaya Ford 8N, alibe pampu ya petulo. Thanki ili pamwamba pa injini ndiye petulo amangotsika yekha kupita ku kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ngati madzi a mumgolo wokwezeka. Palibe chomukankha, ndiye kachitsotso kakang'onong'ono kamakwana kumutsekera njira.

Muyambe injini itazizira, panja poyera osati mkhumbi momwe muli moto kapena nyale, ndipo wa fodya atalikire. Chotsani waya wa batire. Pansi pa thanki mupeza kampopi ndi kagalasi konga kapu kopachikika, tsekani kampopiko ndiye muyang'anitsitse mkagalasimo. Petulo ndi wopepuka kuposa madzi ndiye ngati muli madzi muona mzere, madziwo ali pansi, ndipo tinthu tofiirira ngati ufa wa njerwa ndi dzimbiri lochokera muthanki.

Masulani kanati ka pansi ndi dzanja, kankhirani kawaya kogwira galasi pambali ndiye mutsitse galasilo mosamala, dzanja lina likhale pansi chifukwa likagwera pamwala mudzalifuna mpaka ku Tete mtauni kapena kuwoloka malire pa Calómue kukafunsa ku Dedza mwina osalipezanso. Pamwamba pomwe galasi limakhala pali kasefa kozungulira ka mkuwa ndi gasiketi, kamkombero kotseka kuti petulo asadonthe. Kasefako muchotse ndi chikhadabo, osati ndi msomali, kamang'ambika msanga. Katsukeni mu petulo woyera ndi kaburashi ka mano kotha ntchito, kenako kayang'anitseni kudzuwa, mabowo onse azionekera. Kakakhala kobooka musakabwezere, kasefa kobooka nchimodzimodzi kopanda. Galasi mupukute ndi nsalu yosatuluka ulusi.

Musanabwezere, ikani chitini pansi mutsegule kampopi pang'ono muone mmene petulo akutulukira. Akamangodontha ndiye kuti kasefa kena kamene kali mkati mwa thanki pamwamba pa kampopi katsekeka, apo mukhuthule petulo yense nkumasula kampopi konse. Ntchito imeneyi ambiri amaithawa koma ngati thanki ili ndi dzimbiri lambiri mungotsuka galasi sabata iliyonse mpaka kutopa. Ife tinaichotsa thanki, tinaponyamo manati owerengeka ndi parafini pang'ono, anyamata awiri nkumaikhutchumula mpaka manja kuwawa, kutaya, kubwerezanso kanayi mpaka zotuluka zitayera. Manatiwo muwerenge polowetsa ndi potulutsa. Ndipo chonde thanki ya petulo musapite nayo kwa owotcherera ngakhale ikuoneka youma, mpweya wotsalamo umaphulika.

Pobwezera galasi, gasiketi ikhale yatsopano ngati yakale yauma. Yodula kuchubu cha njinga ayi, petulo amaifufumitsa nkuyamba kunyotsoka, tizidutswa take nkukatseka kabureta. Nati yapansi imangidwe ndi dzanja basi, pulayala imaswa galasi. Kanzeru kena, tsegulani kampopi nati isanalimbe kuti mpweya utuluke galasi lidzadze, kenako mumange.

Pa Ford 8N palinso kasefa kachitatu kobisala mkachigongono komwe paipi imalowera mu kabureta, ambiri sakadziwa nkomwe. Masulani paipi, masulani kachigongonoko, tsukani. Mukatha masulani kabawuti ka pansi pa kabureta muike botolo, petulo azituluka mosadukiza, pafupifupi hafu ya lita pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Akayamba bwino kenako nkumachepa, tsegulani chivindikiro cha thanki, akawonjezera liwiro ndiye kuti kabowo kopumira ka thanki katsekeka ndi fumbi, kabooleni ndi kawaya.

Tsopano nkhani ya fyuluta ya pulasitiki, sefa ya petulo ya galimoto yoika papaipi, apa ndiye timakangana kwambiri ndi amakaniko. Ine ndinaigula ndekha nkuidulira paipi ndikuganiza kuti ndawathandiza amalume, eee thirakitala inafika poipa kuposa kale, pamtunda kapena pulawo ikangozama imafa. Amalume anangoti "mphwanga, chotsa kanthu kakoko, aja anaipanga sanali opusa". Fyuluta zambiri za galimoto zimayembekezera pampu yokankha, pepala lake ndi lothina, ndiye thanki ikatsala pang'ono petulo sadutsa wokwanira. Chinanso paipi yoyambirira ndi yachitsulo ndipo imadutsa pafupi ndi injini yotentha, mukaikapo labala ndi pulasitiki zikasungunuka petulo akudonthera pamoto ndipo palibe chomuimitsa. Ngati mwaumirira, funani yopangidwira mainjini opanda pampu, muike kutali ndi ekizozi, muvi wake uloze ku kabureta.

Koma zinyalala zambiri timalowetsa tokha. Petulo wa mmabotolo wapamsewu kapena wa mzigubu zomwe dzulo zinali za madzi, muthire kaye mubotolo loonekera mkati akhale kanthawi muone ngati pansi pali madzi. Pothira muthanki ikani fanelo yokhala ndi sefa kapena nsalu yoyera yothina, ndipo wotsalira pansi pa chigubu musathire. Kuno kumapiri kuzizira kwa Juni ndi Julaye thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati usiku, madzi amenewo ndi amene amabala dzimbiri, ndiye ngati thumba likulola thankiyo igone ili yodzadza. Madzulo mukaimika tsekani kampopi, mmawa musanalize suzumirani kagalasi. Amalume pano amachita kugwada kukayang'ana asanamwe ndi tiyi yemwe.