Mmene mungakonzere tsiku lophunzitsa ana aang'ono pakhomo

Makolo ambiri amene asankha kuphunzitsa ana awo pakhomo amayamba ndi kutengera zonse za m'kalasi: amagula bolodi, amalemba ndandanda ya maphunziro kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako amadabwa kuona mwana wa zaka zinayi akungojijirika pampando ngati wakhalira linthumbu. Mwana wa msinkhu umenewu satha kukhala malo amodzi nthawi yaitali, ndipo kumuumiriza kumangochititsa kuti adane ndi buku asanalawe n'komwe kukoma kwake.

Phunziro lofuna kuganiza kwambiri, monga la malembo kapena manambala, liikeni m'mawa mwana atadya, akadali ndi mphamvu. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira. Pophunzitsa kuwerengera musathamangire kulemba manambala papepala. Yalani timiyala tisanu patebulo, mwana azigwira kamodzikamodzi uku akutchula nambala, ndipo akamaliza mumufunse kuti timiyala tonse pamodzi tilipo tingati. Mudzaona kuti ana ena amene analoweza manambala mpaka 20 amayambiranso kuwerenga akafunsidwa funso limeneli, chifukwa sanazindikirebe kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa timiyala tonse. Pamenepa m'pofunika kukhalitsapo ngakhale kwa milungu ingapo, popeza kuwonkhetsa ndi kuchotsera kumene mwana adzaphunzire mtsogolo kwatsamira pa mfundo imeneyi.

Pa malembo, yambani ndi mmene lemba limamvekera, ndipo mwana alijambule ndi chala pamchenga asanagwire pensulo. Zala zake zimalimba ndi kuumba dongo, kung'amba mapepala ndi kumanga mabatani a malaya ake yekha.

Phunziro likatha mutulutseni panja akasewere, ndipo musaone ngati nthawi ikutayika. Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zothamanga, kudumpha ndi kusewera mogwiritsa ntchito thupi, azigona maola 10 mpaka 13, ndipo asapitirire ola limodzi akuonera TV kapena foni. Choncho foni isasanduke mlezi wa mwana pamene inu mwatanganidwa.

Ntchito zapakhomo nazonso ndi phunziro. Maria Montessori, katswiri wa maphunziro a ana wa ku Italy amene anatsegula nyumba yake yoyamba yophunzitsira ana ku Rome mu 1907, anaika ntchito monga kusesa, kutsanulira madzi ndi kuvala pakati pa maphunziro a ana. Mwana akamasankha masokosi ofanana kapena kuika mbale imodzi pa malo a munthu aliyense, akuphunzira kufananitsa ndi kuwerengera. Adzataya madzi ndithu. Mpatseni kansalu apukute yekha.

Masana akadzuka, khalani naye pansi mumuwerengere nkhani. Muziima pakati n'kumufunsa zimene akuganiza kuti zichitika, ndipo akapempha nkhani yomweyo mawa lake musamukanize, chifukwa kubwerezako n'kumene kumakhazikitsa mawu atsopano m'mutu mwake. Ngati muli ndi ana a misinkhu yosiyana, wamkulu afotokozere mng'ono wake zithunzi za m'bukumo.

Tsiku limene mwana wadzuka wolefuka kapena wonyong'onyeka, siyani malembo ndi manambala, mungomuwerengera nkhani basi. Madzulo lembani m'kope mizere iwiri yonena zimene wakwanitsa ndi pamene wavutika, kuti mudziwe poyambira mawa.